Kalendala ya Pakhoma ndi Masamu Ake

(Mawu amene mmodzi wa ophunzira akale analankhula pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu)



A komiti anandipempha kuti ndilankhule za masamu, ndipo ndaona kale ena akuyang'ana kukhomo. Khalani pansi, abale anga, lero kulibe mayeso. Masamu amene ndabwera nawo ndi a pa kalendala, yomwe ija imapachikidwa m'golosale iliyonse kuyambira pa Chileka mpaka pa Lirangwe ndi pa Mdeka. Ndimasewera nawo ndikakhala m'minibasi kapena pamene msonkhano wa kuntchito watalika, ndipo ndikufuna kuti potuluka muno aliyense athe kutchula tsiku la sabata limene anabadwa popanda kufunsa foni.

Tiyambe ndi mwayi umene chiyankhulo chathu chinatipatsa. Mwana wa ku England akafuna kuwerengera masiku a sabata amayamba waloweza kuti Tuesday ndi nambala yakuti, Thursday ndi nambala yakuti. Ife maina a masiku athu ndi manambala kale. Lachiwiri ndi 2, Lachitatu ndi 3, Lachinayi ndi 4, Lachisanu ndi 5. Lolemba, tsiku lolemba anthu ntchito, ndi 1. Loweruka, tsiku loweruka kuntchito, ndi 6. Lamulungu tingaliwerenge 7, koma pa masewera athuwa tiziliwerenga 0, chifukwa sabata ili ngati gudumu la njinga: ukafika pa 7 wabwerera pamene unayambira. Choncho nambala ina iliyonse, kaya ikule bwanji, mukaigawa ndi 7 chotsalacho chimakuuzani dzina la tsiku. Ngati lero ndi Loweruka, ndipo wina wakulonjezani kubweza ngongole pakatha masiku 100, phatikizani 6 ndi 100, mupeza 106. Gawani ndi 7, mupeza 15 ndipo patsala 1. Mukamudikire Lolemba, ngati adzabweredi.

Chinsinsi chonse cha kalendala chagona pa tsiku limodzi lotsala. Chaka chili ndi masiku 365, ndipo masabata 52 ndi masiku 364. Latsala limodzi. Tsiku limodzi limeneli ndilo limakankha madeti onse chaka ndi chaka. Khirisimasi ikakhala Lachinayi chaka chino, chaka chamawa idzakhala Lachisanu. Chaka cha masiku 366, chija Febuluwale amafika pa 29, chimakankha ndi masiku awiri. Mukangogwira zimenezi, zotsalazo ndi kuwerenga zala basi.

Mphunzitsi wina wa masamu wa ku England, John Conway, amene anaphunzitsa ku Cambridge kenako ku Princeton, anakonza njira yachidule m'chaka cha 1973. Iye anaona kuti m'chaka chilichonse muli madeti osavuta kukumbukira amene onse amagwa pa tsiku limodzi la sabata. Ine tsiku limeneli ndimalitcha chikhomo, monga chija timamangirirapo mbuzi: ukadziwa pamene pali chikhomo, mbuziyo sungaisowe, ili pafupi pomwepo. Madeti ake ndi awa. Pa miyezi ya manambala ogawika ndi 2, deti ndi mwezi zimafanana: 4 Epulo, 6 Juni, 8 Ogasiti, 10 Okutobala ndi 12 Disembala, kapena kuti 4/4, 6/6, 8/8, 10/10, 12/12. Pa miyezi ina ingokumbukirani mapasa awiri, 5 ndi 9, komanso 7 ndi 11: ndiye kuti 9 Meyi, 5 Sepitembala, 11 Julayi ndi 7 Novembala. Tsiku lomaliza la Febuluwale, kaya ndi 28 kaya ndi 29, lilinso pa chikhomo, chimodzimodzi 7 Malichi. Januwale yekha ndiye ali ndi makani pang'ono: chikhomo chake ndi pa 3, koma m'chaka cha masiku 366 ndi pa 4. Mukafika kunyumba tsitsani kalendala pakhoma muone. Madeti onsewa muwapeza mu mzere umodzi.

Tsono chikhomo cha chaka timachipeza bwanji? Tengani manambala awiri otsiriza a chakacho. Agaweni ndi 4, zotsala mutaye, ndipo yankholo muliphatikize ku nambala ija. Kenaka onjezani 3 ngati chakacho chikuyamba ndi 19, kapena 2 ngati chikuyamba ndi 20. Gawani zonse ndi 7, muone chotsala. Chifukwa chake si chamatsenga ayi. Nambala yoyambayo ikuwerenga masiku amene zaka zakankha, limodzi pachaka. Kugawa ndi 4 kukuwerenga zaka za masiku 366 zimene zinakankha kawiri. 3 uja ndi Lachitatu, chikhomo cha 1900, ndipo 2 ndi Lachiwiri, chikhomo cha 2000.

Tiyese ndi deti la kwathu konkuno. Pa 6 Julayi 1958 Dr Hastings Kamuzu Banda anatsika ndege pa bwalo la Chileka atakhala kunja zaka zoposa 40. Linali tsiku lanji? Titenge 58. Kugawa ndi 4 tipeza 14. Kuphatikiza 58, 14 ndi 3 tipeza 75. Mu 75 muli ma 7 khumi, patsala 5. Chikhomo cha 1958 ndi Lachisanu. Ndiye kuti 11 Julayi linali Lachisanu, 4 Julayi linalinso Lachisanu, pa 5 Loweruka, pa 6 Lamulungu. Kafunseni agogo amene anayenda wapansi kupita ku Chileka tsiku limenelo, muone ngati masamu ndi chikumbumtima chawo zikugwirizana.

Chaka chotsatira, 1959: 59 ndi 14 ndi 3 ndi 76, chotsala 6, Loweruka. Pamene 7 Malichi linali Loweruka, 3 Malichi, tsiku limene boma la atsamunda linalengeza lamulo la chipwirikiti ndipo anthu anawomberedwa ku Nkhata Bay, linali Lachiwiri. Ufulu wa pa 6 Julayi 1964: 64 ndi 16 ndi 3 ndi 83, chotsala 6, ndiye 4 Julayi Loweruka, 6 Julayi Lolemba. Dziko lathu linayamba kudzilamulira pa tsiku loyamba ntchito. Riferendamu ya pa 14 Juni 1993 inalinso Lolemba, ndipo chisankho cha pa 17 Meyi 1994 chinali Lachiwiri. Tikabwerera kutali, chikhomo cha 1915 ndi Lamulungu, pakuti 15 ndi 3 ndi 3 ndi 21, osatsala kanthu. Ndiye kuti 3, 10, 17 ndi 24 Januwale anali Malamulungu, ndipo usiku wa pa 23 Januwale, pamene anthu a John Chilembwe anaukira ku Magomero, unali usiku wa Loweruka. Mabuku a mbiri amanenanso chomwecho, ndipo amati m'mawa mwake Chilembwe analalikira m'tchalitchi chake ku Mbombwe. Kwa ine chokoma chili pamenepa. Deti louma lija tinkaloweza chifukwa cha mayeso limasanduka tsiku lenileni, loti anthu anadzuka, nasamba, napita kukapemphera.

Kwa ife ogwira ntchito m'boma, amene timayang'ana kalendala yatsopano kuti tione pamene maholide agwa tisanaone china chilichonse, pali kena kothandiza. Kuchokera pa 14 Meyi, tsiku la Kamuzu, kufika pa 15 Okutobala, tsiku la Anakubala, pali masiku 154, amene ndi masabata 22 enieni. Choncho maholide awiriwa amagwa pa tsiku limodzi la sabata chaka chilichonse. Tsiku la ufulu nalo limakhala kumbuyo kwa tsiku la pa 3 Malichi ndi dzina limodzi: 3 Malichi likakhala Lachiwiri, 6 Julayi likhala Lolemba. Miyezi nayonso ili ndi mapasa ake. Epulo ndi Julayi amayamba tsiku limodzi nthawi zonse, chimodzimodzi Malichi ndi Novembala, komanso Sepitembala ndi Disembala.

Ndipo kalendala yakale musamafulumire kukutira nayo makope a ana. Mitundu ya makalendala ilipo 14 yokha, pakuti chaka chingayambe pa limodzi la masiku 7, ndipo chingakhale cha masiku 365 kapena 366. Kalendala ya 2026 ndi yofanana ndendende ndi ya 2015, ya 2009, ya 1998 ndi ya 1987, kupatula Pasaka ndi Eid zimene zimatsata mwezi wakumwamba. Pakati pa 1901 ndi 2099 kalendala iliyonse imabweranso pakatha zaka 28. Ya 1964 inabweranso mu 1992 ndi mu 2020.

Ndanena kuti pakati pa 1901 ndi 2099 chifukwa pali msampha. Dziko limazungulira dzuwa m'masiku 365 ndi maola osakwana bwino 6. Kalendala yakale ya Julius Caesar inkawerenga ngati ndi maola 6 athunthu, ndipo inkaonjeza tsiku zaka 4 zilizonse osaphonya. Kusiyana kwake kunali mphindi 11 zokha pachaka, koma madzi odontha amadzaza mtsuko: pofika 1582 kalendala inali itasemphana ndi nyengo kotero kuti Papa Gregory XIII analamula kudumpha masiku 10. Anthu a ku Rome anagona Lachinayi pa 4 Okutobala nadzuka Lachisanu pa 15 Okutobala. A ku Britain anakana mpaka 1752, pamene anadumpha masiku 11, kuchoka pa 2 kufika pa 14 Sepitembala. Lamulo latsopano linati chaka chothera ndi 00 chizikhala ndi 29 Febuluwale pokhapokha ngati chikugawika ndi 400. Choncho 1900 inalibe, 2000 inali nalo, 2100 idzakhala yopanda. Zaka 400 za kalendala imeneyi zili ndi masiku 146,097, ndipo mukagawa ndi 7 mupeza masabata 20,871 osatsala ngakhale tsiku limodzi. Gudumu lonse limabwerera pamalo pake.

Tsopano za kungosangalatsa maso. Mukumbukira 22 Febuluwale 2022? Mukalemba 22022022 ndi kuwerenga chobwerera, mupeza nambala yomweyo. Azungu anakondwera nalo tsikuli, koma ife tinali ndi chifukwa choposa: tsiku la ma 2 okhaokha linagwa Lachiwiri. Madeti owerengeka mbali zonse ngati limeneli alipo 29 okha m'zaka za 2001 mpaka 2100, ndipo onse ali mu Febuluwale, chifukwa 20 wa kumayambiriro kwa chaka mukamutembenuza akhala 02. Loyamba linali 10/02/2001, lotsatira ndi 03/02/2030, lomaliza lidzakhala 29/02/2092. Makolo athu a m'zaka za 1900 sanaone ndi limodzi lomwe, pakuti 19 wotembenuza ndi 91, ndipo mwezi wa 91 kulibe. Lisanafike la mu 2001, lomaliza linali 29/11/1192. Lina lokongola linali 02/02/2020: linali tsiku la 33 la chaka, ndipo kutsogolo kunatsala masiku 333.

Chaka cha 2025 nachonso chinali ndi zake. Nambala 2025 ndi 45 kuchulukitsa ndi 45. Mukaidula pakati, 20 ndi 25, kuphatikiza mupeza 45 yemweyo. Mukaphatikiza manambala onse kuyambira 1 mpaka 9 mupezanso 45. Chaka chomaliza cha mtundu umenewu chinali 1936, chimene ndi 44 kuchulukitsa ndi 44, ndipo chotsatira ndi 2116, chimene palibe wa ife adzachione. Alipo muno obadwa mu 1980? Imikani manja, musachite manyazi, imvi taziona kale. Inu munakwanitsa zaka 45 m'chaka cha 45 kuchulukitsa ndi 45. Katswiri wina wa masamu, Augustus De Morgan, wobadwa mu 1806, ankanyadira mwayi womwewo: anali ndi zaka 43 mu 1849. Amene muli ndi mphamvu zodikira, sungani 6/7/42, pamene deti kuchulukitsa ndi mwezi zidzapereka chaka pa tsiku la ufulu weniweniwo, dziko litakwanitsa zaka 78.

Pano ndiyenera kuchenjeza, chifukwa masewera amenewa ali ndi mbale wake woipa. Alipo anthu amene akaona deti looneka modabwitsa amayamba kulosera, ena mpaka kutolera ndalama kwa anthu amantha. Tinazimva pofika chaka cha 2000, tinazimvanso pa 6/6/06. Taonani chitsanzo ichi. Mawa lake la 02/02/2020 lija, pa 3 Febuluwale, khoti linagamula kuti chisankho cha pulezidenti cha 2019 chichitikenso. Ndipo 3 Febuluwale ndi deti lomwe Chilembwe anaphedwa mu 1915. Munthu wofuna kuona chizindikiro achiona pamenepo. Koma chaka chili ndi madeti 365 okha, pamene zochitika za dziko ndi zikwizikwi, sizingalephere kugundana. Conway mwini wake anabadwa pa 26 Disembala 1937 namwalira pa 11 Epulo 2020, ndipo madeti onse awiri ali pa chikhomo chake chomwe chija. Nzoseketsa, koma mwayi wa deti lililonse kugwa pa chikhomo uli pafupi ndi 1 mwa 7, si chozizwitsa. Komanso kukongola kwa 22022022 kuli m'kalembedwe kathu chabe. Wa ku America, amene amayamba ndi mwezi, analemba 02222022, kukongola konse n'kutha. Ku Ethiopia, kumene chaka chili ndi miyezi 12 ya masiku 30 ndi kamwezi ka 13 ka masiku 5 kapena 6, chaka cha 2000 anachilandira mu Sepitembala 2007. Abale athu achisilamu ali ndi chaka cha masiku 354 kapena 355, nchifukwa chake Ramadan imabwera msanga ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ndipo imazungulira nyengo zonse, dzinja ndi chilimwe, m'zaka pafupifupi 33. Dzuwa lotuluka pa tsikulo linali limodzi, manambala okha ndiwo anasiyana.

Kugundana kwa madeti tingakuyese muno momwemo. Mukasonkhanitsa anthu 23 okha, mwayi woti awiri mwa iwo ali ndi deti limodzi lobadwa umaposa theka. Ambiri amakana akamva zimenezi, chifukwa amaganiza za deti lawo lokha. Koma anthu 23 mungawaike awiriawiri m'njira 253, ndipo gulu lililonse la awiri ndi mwayi wina. M'kalasi la ana 60, monga mmene tinkadzazira ife, mwayiwo umaposa 99 pa 100. Pa nthawi ya chakudya a mlembi ayendetsa pepala, aliyense alembe deti ndi mwezi, chaka musalembe kuti tisayambane. Pakapanda kupezeka mapasa, zoziziritsa kukhosi za komiti ndilipira ndine.

Wina afunsa kuti, nanga zonsezi zimadyetsa? Ku ntchito kwanga zandithandizapo. Pa ofesi ina imene ndinagwirako, panabwera mkangano wa malo pakati pa mabanja awiri. Mbali imodzi inatulutsa kalata yonena kuti akuluakulu anakumana ndi kugwirizana Lachisanu pa 12 Ogasiti 1987. Ndinawerengera pa kapepala: 87 ndi 21 ndi 3 ndi 111, chotsala 6, ndiye 8 Ogasiti linali Loweruka, ndipo 12 Ogasiti linali Lachitatu. Zimenezi pazokha sizitsimikiza kuti kalatayo ndi yabodza, pakuti mlembi wotopa angathe kulakwitsa tsiku. Koma munthu wolemba pa tsiku lenilenilo kawirikawiri amalakwitsa deti, dzina la tsiku salakwitsa. Wolemba patapita zaka ndiye amangotola dzina lililonse. Funso limodzi limenelo linachititsa kuti aitanitse mboni zina, ndipo mayi wamasiye amene akanataya munda wake nkhani isanamvedwe anapeza mpata wolankhula.

Palinso nkhani ya zaka za makolo athu. Pa kalembera wa zitupa za unzika wa 2017 tinaona okalamba ambiri amene sadziwa deti limene anabadwa. Chimene akudziwa ndi chakuti anabadwa itangotha njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri dera lathu lino la Blantyre, kapena kuti mwana wawo woyamba anabadwa Lachisanu sabata yomwe Kamuzu anafika pa Chileka. Mawu achiwiriwa, kwa munthu wodziwa chikhomo, ndi deti lathunthu: Lachisanu lotsatira Lamulungu la pa 6 Julayi 1958 ndi 11 Julayi, ndipo ngati akunena Lachisanu la m'mbuyo mwake ndi 4 Julayi. Funso limodzi lokha lisiyanitsa awiriwa. M'boma munthu amapuma ntchito pa zaka 60, ndipo chaka chimodzi cholembedwa molakwika m'faelo ndi malipiro a miyezi 12 otayika kapena kuchedwa kwa penshoni. Ndikupemphani kuti mukapita kumudzi mukhale pansi ndi achikulire amene atsala, muwafunse za tsiku la sabata, za msika, za mvula, za maliro a mfumu, muwerengere, mulembe m'kope. Iwo akapita, palibe foni imene idzakuuzeni.

Pempho langa lomaliza likupita kwa a komiti ndi a Mphunzitsi Wamkulu. Timakamba chaka ndi chaka kuti ana athu akuopa masamu, ndipo timadandaula kuti mabuku ndi okwera mtengo. Kalendala yakale siigulidwa. Aliyense wa ife ali nayo ina kuseri kwa chitseko kapena pansi pa matiresi. Tizisonkhanitse, tipereke ku kalabu ya masamu ya pasukulu pano, chaka tichiphimbe ndi pepala, ana apeze okha kuti kalendala iyi ndi ya zaka ziti. Mwana amene wapeza yekha kuti 4/4, 6/6 ndi 8/8 zili mu mzere umodzi adzafunsa kuti chifukwa chiyani, ndipo mphunzitsi adzangomuuza kuti awerenge masiku a pakati pake: 63, amene ndi ma 7 asanu ndi anayi. Ine ndadzipereka kubwera Loweruka limodzi pa teremu kudzasewera nawo, ndipo anzanga awiri a ku Lunzu avomera kundiperekeza.

Ndikusiyirani ntchito ya kunyumba, monga ankachitira aphunzitsi athu ali apawa. Yoyamba, pezani tsiku la sabata limene munabadwa, kenaka mukafunse mayi anu ngati alipo. Yachiwiri, pa 6 Julayi 2064 dziko la Malawi lidzakwanitsa zaka 100 likudzilamulira. Lidzakhala tsiku lanji? Kumbukirani kuti chakacho chikuyamba ndi 20, ndiye muonjeze 2, osati 3. Mayankho mutumize kwa mkonzi wa kalata yathu, pamodzi ndi chopereka chanu cha pachaka, chimene a msungichuma andinong'oneza kuti ena simunamalize.